Zipolopolo zolimba za VaMhofu

Anthu kuno ku Ntcheu akandifunsa kuti ku Zimbabwe ndinkagwira ntchito yanji, ndimati ndinkasankha zipolopolo. Ena amaseka, ena amayesa kuti ndinali msilikali, ndipo ine sindiwakonza. Mlamu wanga ndiye amauza anthu kuti ndinkasenda mbuzi za azungu. Ameneyonso ndimangomusiya, poti iye kutali kumene anafikako ndi ku Balaka.

Ndinachoka kuno nditasiya mkazi ndi mwana wakhanda, kutsatira amalume amene anakalambira m'migodi ya ku Kadoma. M'mutu mwanga ndinkati ndikangofika andilowetsa mumgodi, chaka chimodzi ndibwerere ndi malata. Ndinakawapeza m'komboni ya Ingezi, ku Kadoma komweko, akutsokomola pakhonde, mgodi wawo utatsekedwa kalekale. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato n'kufunsa kuti anandinamiza ndani. Anandisunga miyezi ingapo, kenaka anandipezera malo pa pulazi ina pakati pa Kadoma ndi Chegutu, chakufupi ndi mtsinje wa Mupfure. Pulaziyo sinali ya chimanga. Inali ya nyama zakutchire, nswala, ngoma, mbawala ndi kagulu ka nchefu. Anthu ankabwera kudzasaka, ife n'kumalondola mapazi, kusenda ndi kuyanika nyama.

Kumeneko ndiko ndinakumana ndi Jailosi. Bambo ake anali a ku Dedza, koma iye anabadwira m'komboni ya ku Battlefields ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Chichewa chake chinali chosakaniza. Nsima ankati sadza, ndalama ankati mari, ndipo ndikamuseka ankati ine ndine wakumudzi woti ngakhale kombi, minibasi ya kumeneko, ndimaipatsa moni. Zipinda zathu pakomboni zinali zogundizana, khoma lake lopyapyala moti akayetsemula ndinkamva. Mkazi wake, Mai Rudo, ataona mmene ndinkapserezera ndiwo anangoyamba kundiikira mbale. Jailosi ndiye anandiphunzitsa tchire. Ankandigwira pakhosi n'kundiweramitsa pa dontho la magazi kuti ndinene ngati lachokera m'mapapo kapena m'mimba, ndikalakwa n'kundiponyera ndowe za ngoma kumsana.

Loweruka lina tikubwera ku Kadoma, komwe ndinakapereka katundu kwa wa basi kuti akasiyire mkazi wanga, Jailosi anati kuyambira lero ndine sahwira wake. Ndinafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Anati ndi mnzako amene umamutukwana iye osakwiya, ndipo ukafa ndi amene amakusambitsa n'kukuika m'manda. Ndinati ndavomera, bola ayambe iye kufa, poti ine maliro anga ndi a ku Ntcheu. Tinaseka njira yonse.

Mwini pulazi nthawi imeneyo anali mzungu wokalamba, tonse tinkangomuti Madala. Sindinganene kuti anali munthu wabwino, malipiro ake anali ochititsa manyazi, koma pa nkhani ya mfuti sankachita masewera. Maso ake atayamba kufooka anandiika m'kachipinda kake kopangiramo zipolopolo. Sankakonda zogula zopanga kale. Makoko a mkuwa amene amatsala munthu akawombera tinkawatola, kuwatsuka, kuthiramo wonga woyeza pa kasikelo, n'kutsekera mutu watsopano. Mituyo inali yamitundumitundu. Pa nswala ndi mbawala Madala ankafuna ya nsonga yofewa, ya mtovu, imene ikalowa m'thupi imafutukuka ngati bowa n'kusiya mphamvu yake yonse m'katimo, nyama n'kugwa pomwepo kapena patsogolo pang'ono. M'tchire lowirira, momwe umawombera pafupi, ankati mutu ukhale wolemera wosathamanga kwambiri. Poyera ankafuna wopepuka. Ngoma yamphongo inali ndi zakezake. Ndikapanga zatsopano tinkapita kuseri kwa damu kukaziyesa pa matumba a mchenga, iye n'kufukula mutuwo, kuuzunguza pachikhatho, ndipo akapanda kukhutira ndinkayambiranso. Analinso ndi lamulo lake, loti amene wavulaza nyama ndiye atsogole poilondola, kaya ndi mlendo wochokera kunja kaya ndi iye mwini.

Zinthu zitasintha, mapulazi a azungu atayamba kulandidwa, Madala anapita, ndipo pulazi inagwera m'manja mwa munthu wa butchala ku Chegutu. Aliyense ankamutchula kuti VaMhofu. Kwa Ashona munthu amalemekezedwa ndi mutupo wake, nyama ya mtundu wa makolo ake, ndipo mhofu ndiyo nchefu. Nyama ya mutupo wako suipha, suidya. Amati ukaidya mano amaguluka ndipo makolo amakufulatira. Munthu ameneyu nchefu za pa pulazi ankazikonda kuposa anthu. Akaziona ankaimitsa galimoto, kuvula chipewa, kuomba m'manja n'kumati abale anga awo. Ife ankatiti ndife obwera, anthu opanda mutupo, ongodya chilichonse. Ine ankandiitana kuti Achimwene, koma kamvekedwe kake kanali ka munthu woitana galu.

Za alendo osaka analibe nazo ntchito, iye ankafuna nyama ya m'butchala. Zipolopolo za nsonga yofewa anazikana tsiku loyamba lomwe. Anati zimaphwanya phewa, makasitomala safuna nyama yamagazi, komanso n'zodula. Anabwera ndi bokosi lachitsulo lodzaza zipolopolo zolimba, zokutidwa mpaka kunsonga, za mtundu wa asilikali, ndipo komwe anazitenga sindinafunse. Zimenezo zikalowa m'nswala zimangoboola ngati singano n'kutulukira kuseri zisanafutukuke. Ukalasa mtima kapena msana nyama yagwa, koma ukaphonya pang'ono imathawa ndi kabowo kakang'ono, magazi akuthera mkati. Ndinamuuza. Jailosi anamuuza. Anatiyankha kuti ngati ntchito yatikola, msewu wa ku Malawi sunatsekedwe. Kachipinda kaja anakasandutsa mosungira mchere. Ine ndinatola zofewa zingapo zotsala n'kuziika m'chitini cha tiyi pansi pa bedi.

Kuyambira pamenepo tinasanduka anthu olondola nyama zovulala. Masiku ena dzuwa linkatilowera tikutsatira timadontho, mawa lake n'kukapeza nswala miimba itaiyamba kale. Lamulo la Madala linapita ndi Madala. VaMhofu akawombera ankabwerera m'galimoto kukaimba foni, ife ndi minga.

M'mawa wina m'chilimwe anawombera mbawala yamphongo m'mphepete mwa Mupfure. Momwe inadumphira ndinadziwa kuti chalowa m'mimba. Inathawira m'bango. Aliyense wodziwa tchire akudziwa kuti mbawala ndi kanyama kamanyazi, koma ikavulala imabisala n'kukudikira, ndipo nyanga zake n'zakuthwa. Jailosi anati tidikire kaye ifooke. VaMhofu anati dzuwa likukwera, nyama iwonongeka.

"Pinda iwe, lowa. Ukuopa kambudzi?"

Jailosi analowa ndi nkhwangwa yokha, poti munthu uja sankalola wantchito kuwombera mfuti. Ine ndinazungulira mbali ina kuti ikatuluka ndiione. Ndinangomva bango likuthyoka, kenaka mawu a Jailosi, osati mokuwa, kungoti sahwira, bwera. Ndinamupeza atakhala pansi atagwira ntchafu, magazi akutumphuka pakati pa zala. Mbawala inali gone pambali pake, ataimaliza ndi nkhwangwa. Ndinamanga ntchafuyo ndi lamba wanga n'kumubereka mpaka pamsewu.

Tsopano mverani zimene anachita munthu uja. Kutsogolo kwa galimoto anakana kuti Jailosi akhaleko, akuti adetsa mipando. Tinamugoneka kumbuyo pamodzi ndi nswala zimene tinali titapha kale ndi mbawala yomweyo, mutu wake uli pa miyendo yanga. Titafika ku Chegutu, m'malo molunjika kuchipatala anakhotera ku butchala. Ndinamenya denga la galimoto ndi chibakera mpaka khungu linasupuka. Anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti nyama ilowe kaye mufiriji, chipatala n'chapafupi pompa. Anyamata a m'butchala anatsitsa nyamazo modumpha miyendo ya Jailosi, ndipo VaMhofu anaima pa sikelo kuona kulemera kwa iliyonse. Ndinayesa kuimitsa galimoto zina pamsewu, koma ndani aime poona munthu wamagazi thupi lonse akukupiza manja? Pofika kuchipatala Jailosi anali atasiya kundiyankha. Namwino anandiuza kuti tikanafulumirako pang'ono mwina akanayesa.

Ndinamusambitsa ine, monga tinapanganira. Pamaliro VaMhofu sanabwere, anatumiza thumba la ufa ndi matumbo. Mwezi usanathe Mai Rudo anauzidwa kuti nyumba za pakomboni ndi za antchito. Anakapeza kachipinda m'komboni ya Chinengundu ku Chegutu, komwe anayamba kugulitsa nthochi pa benchi m'mbali mwa msewu. Ndinawanyamulira katundu mpaka kumeneko. Potsanzikana anandifunsa ngati ndikhalabe pa pulazi paja, ndipo ndinati ndikhala. 

"Zvakanaka, chabwino, sahwira. Khalani," anatero.

Amalume a ku Ingezi anamwalira chaka chotsatira, ndipo panalibenso wondimangirira m'dziko lija. Mkazi wanga ankandiimbira foni kuti bwerani, mwana akukula osakudziwani. Ndinkangoti chaka chamawa. Zoona zake n'zakuti sindikanachoka munthu uja akuyendabe monyang'wa. Ndinkamuda. Ndinkamuda akamaseka, ndinkamuda akamadya, ndinkadana ngakhale ndi kulira kwa galimoto yake ikamalowa pageti. Mfuti yake ndinkatsuka ndine, ndipo maganizo ena ankabwera ndithu. Koma ndinkaona kuti imfa ikanamupweteka tsiku limodzi lokha, ine n'kukaolera kundende, Mai Rudo osapindula kanthu. Ndinkafuna chinthu choti azigona nacho, azidzuka nacho. Ndiye ndinadikira, ndikumati inde bwana, ndikumukonzera chimukuyu, nyama yoyanika yamchere imene ankakonda kutafuna akuyendetsa galimoto.

Mpata unabwera pamene ankakonza mwambo wobwezera mzimu wa malemu bambo ake pakhomo. Kunabwera akuluakulu a mtundu wake kuchokera kumudzi, abale a bambo akewo, nkhalamba za majekete ndi ndodo. VaMhofu anafuna kuwaonetsa pulazi, komanso kuti nyama ya pamwambo aiphe yekha iwo akuona. Usiku wake anandiuza kuti mawa ndisamuchititse manyazi.

Inali nyengo youma, madzi atatsala pa damu limodzi. Ndinkadziwa kuti dzuwa likakwera pang'ono nswala zimatsika kudzamwa, ndipo nchefu zimaima kumbuyo kwake m'mitengo ya tsanya, zili phee, kudikira kuti zinzake zichoke. Nchefu ndi chinyama chachikulu ngati ng'ombe, koma ikaima pakati pa tsanya wouma munthu wosazolowera amaiyesa chulu. Malo okhala ndinasankha ine, monga mwa masiku onse. Ndinawakhazika pamene ife, madzi ndi mitengo ija tinali mzere umodzi.

Ndisanapereke mfuti ndinatulutsa m'thumba zipolopolo ziwiri, chofewa cha m'chitini chija ndi cholimba cha m'bokosi lake, n'kuziika pachikhatho akuluakulu onse akuona.

"Bwana, lero tigwiritse chiti? Ichi chimathera m'nyama. Ichi chimapitirira."

Ndinamufunsa, ndipo ngakhale kumwamba ndikanena zomwezo, kuti ndinamufunsa. Anaseka n'kuuza nkhalamba zija kuti Achimwene awa mpaka lero akulirabe zipolopolo za mzungu wawo. Anatola cholimba.

Nswala zinabwera. Ndinamulozera yamphongo yonenepa imene inaima chopingasa, ndipo kumbuyo kwake, mkati mwa tsanya, ndinkaona khutu likugwedezeka kuingitsa ntchentche. Iye ankangoona nswala. Tsiku limenelo anawombera bwino, pamenepo ndimuyamikire. Nswala inagwa pomwepo. Nkhalamba zinayamba kuomba m'manja n'kumamutamanda ndi mayina a mtundu wawo, koma zisanamalize, nthambi zinathyoka, nchefu yaikazi n'kutulukira poyera ikudzandira, magazi akutsika m'nthiti. Inayenda pang'ono n'kugwada.

Manja onse anaima. Wamkulu wa onsewo, nkhalamba ya diso limodzi, anavula chipewa n'kukhala pansi pa dothi. VaMhofu anatembenukira kwa ine kukamwa kuli yasa, kenaka anayamba kulalata kuti ndine, ndamulodza, sindinamuuze. Nkhalamba ija inamudula. Inati tonse tamva munthuyu akukufunsa, ndipo watola wekha.

Nchefu inali ikadali moyo, ikupuma movutika. VaMhofu anandikankhira mfuti kuti ndikaimalize, koyamba m'zaka zonsezo kundipatsa mfuti kuti ndiwombere. Ndinaika manja kumbuyo. Ndinati ine ndine wopanda mutupo, za pabanja panu sindingazilowerere. Akuluakulu anagwirizana nazo, anati wayamba yekha, amalize yekha, akapepesenso yekha. Ndinamupatsa chofewa chija, osati chifukwa cha iye, koma chifukwa nchefuyo inali isanandilakwire kanthu. Anayenda yekha mpaka pafupi nayo, ndipo anawombera misozi ili chuchuchu. Ine ndinaima pamenepo mtima uli myaa.

Mwambo unaimitsidwa. Akuluakulu analamula kuti nchefuyo ikwiriridwe yathunthu, pasadyedwe ngakhale kachidutswa, ndipo ananyamuka tsiku lomwelo osalawa ngakhale madzi a pa pulazi. Dzenje tinakumba ife antchito. Anzanga atapita kukapuma pamthunzi ndinacheka nyama ya kumsana, yaitali ngati mkono wanga, n'kuikulunga m'thumba la mchere. Ndinaiyanika pamodzi ndi ya nswala ija. Nyama ya nchefu ndi yofewa, yamafuta, ndipo ikauma palibe yoposa. Masabata otsatirawo VaMhofu anali wobalalika, lero kwa sing'anga uyu, mawa kukagula mbuzi yopepesera, ndipo m'galimoto ankangotafuna chimukuyu changa osalekeza. Tsiku lina anandiuza kuti ulendo uno ndakonza bwino. Ndinati zikomo bwana.

Itatha yonse ndinamanga katundu wanga. Ndinakamupeza ku butchala masana, makasitomala ali pamzere. Ndinamuuza kuti ndikupita kwathu. Sanadzutse n'komwe mutu, anangoti ndiyende bwino. Ndiye ndinakweza mawu, m'Chishona changa chothyokathyoka, kuti aliyense amve.

"Chimukuyu chija munati chakoma, VaMhofu, inali mhofu yanu. Mwaidya yonse. Jailosi akupereka moni."

Sindinadikire yankho. Ndikutuluka ndinamva kumbuyo munthu uja akudzipisa zala kukhosi kuti asanze, ndi mayi wina akufunsa mnzake kuti wati chiyani. Ndinadzera kwa Mai Rudo kukawauza, ndipo anandiperekeza mpaka pokwerera kombi.

Kuno ndinapeza zinthu zitasintha. Mwana wanga anandipatsa moni wogwada ngati wa mlendo, mkazi wanga anali atazolowera kulamula yekha pakhomo, ndipo munda wanga mlamu uja anali atadzalamo mbatata ngati wake. Ankayembekezera kuti ndibwera ndi galimoto, ine n'kubwera ndi chikwama ndi mipeni yosendera. Ndinamva amayi ena pachitsime akuti mtchona uja wangobwera ndi ndevu. Abusa atamva nkhaniyi kwa mkazi wanga anabwera kudzandiuza za kukhululuka. Ndinawapatsa mpando, ndinawamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenaka ndinawauza kuti iwo kumbuyo kwa galimoto ija kunalibe.

Za mutupo ine sindizikhulupirira kwenikweni. Koma VaMhofu amazikhulupirira, abale akenso amazikhulupirira, ndiye zakwana. Mai Rudo amandiimbira foni mwa apo ndi apo. Akuti nkhani ya m'butchala inakafika kumudzi kwa munthu uja ine ndisanaoloke n'komwe pa Mwanza. Choipa chilichonse chikagwa pa mtundu wawo, mwana kudwala, ng'ombe kufa, mkazi kupita padera, onse amaloza iye. Pa miyambo samuitana, ndipo mzimu wa bambo ake mpaka lero sunabwezedwe pakhomo. Butchala anthu anaithawa, ankati munthu wodya m'bale wake angatigulitse nyama yanji. Pulazi anatenga ena. Kenaka mano anayamba kuguluka, limodzilimodzi. Achipatala akuti ndi matenda a shuga, koma ku Chinengundu palibe amene akufunsa achipatala.

Atandiimbira ulendo womalizawu, Mai Rudo anandiuza kuti munthu uja tsopano amayenda wapansi ndipo amaima pa benchi lawo, chifukwa chimene angathe kudya ndi nthochi basi. Akuti sawazindikira n'komwe kuti ndi mkazi wa ndani. Ndinawafunsa ngati amamugulitsa.

"Ndimamugulitsa, sahwira," anatero. "Ndimamusankhira zosapsa."